Bwalo ndi Nsanja: Mbiri ya Masewero m'Masukulu a ku Petauke ndi Nyimba

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za masewero amene ana athu a ku sekondale amacita pa sukulu, ndiponso za aphunzitsi amene amawaphunzitsa luso limeneli.

Ena a inu munaitanidwapo kukaonerera. Munakhala pa benchi m'holo yodyeramo ana, nsalu yochinga inakokedwa, ndipo munaona mwana wanu atamata ndebvu za thonje, alikulankhula ngati nkhalamba. Kapena munaseka, kapena munangokhala cete popeza mau onse anali a Cingerezi. Pobwerera kumudzi mwina munadzifunsa kuti, "Kodi amenewa ndi maphunziro, kapena ndi kutaya nthawi cabe?" Funso limeneli ndi loyenera, ndipo kuti tiliyankhe bwino tiyenera kuyamba tafufuza kumene mwambowu unacokera. Tidzapeza kuti sewero la pa sukulu liri ndi makolo awiri, ndiwo bwalo la kumudzi ndi nsanja ya Azungu, ndipo kuti kwa zaka zambiri awiriwa akhala alikulimbirana mwana.

BWALO LA KUMUDZI

Tiyambe ndi kholo loyamba. Sukulu isanafike m'dziko la Ansenga ndi la anansi ao Acewa, anthu anali nazo kale njira zambiri zoonetsera makhalidwe a munthu pamaso pa anzake. Taganizani za nthano. Dzinthu zitalowa m'nkhokwe, ana anali kusonkhana pa moto madzulo, ndipo ambuya okamba nthano sanali kungofotokoza cabe iai. Pofika pa Kalulu mau ao anali kucepa ndi kuthamanga. Pofika pa Njobvu anali kulemera. Pofika pa Fisi nkhalambayo inali kutsimphina ngakhale iri cikhalire. Munthu mmodzi anali kusanduka anthu asanu osasintha cobvala ciri conse. Omveranso sanali kukhala duu. Anali kuyankha kuti ali pamodzi ndi wokambayo, ndipo nyimbo ikafika pakati pa nthano onse anali kuibvomera.

Taganizaninso za bwalo la milandu. Nkhoswe yodziwa kulankhula inali kudziwa poima, nthawi yokweza mau, nthawi yokhala cete kuti mwambi ulowe m'mitima ya anthu, ndi nthawi yoomba m'manja kupereka ulemu kwa mfumu. Panalibe makina okuzira mau, komabe wokhala kumbuyo kwenikweni anali kumva zonse. Pa magule, monga nsongwe ndi cimtali, anthu anali kuima mozungulira, oimba ng'oma mbali imodzi, ndipo wobvina anali kudziwa polowera, nthawi yoonetsa luso lake, ndi nthawi yopatsa mnzake malo.

Kwa Acewa kunali, ndipo kulipobe, gule wamkulu. Za kudambwe sitikamba pa wailesi, koma zimene zimaoneka pabwalo masana aliyense azidziwa. Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya, amene dzina lake linacokera ku mishoni, amationetsa kuti makolo athu anali kuyang'anitsitsa alendo, nawabweretsa pabwalo kuti anthu aseke ndi kulingalira. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti gule ameneyu, wa ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndi cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Zaka zambiri zimenezi zisanacitike, mu 1961, katswiri wa nyimbo John Blacking anayenda m'midzi ya ku Petauke, najambula nyimbo za Ansenga, nalemba za kaimbidwe kao ka kalimba. Anthu akutali anali kuphunzira mosamala cinthu cimene ife tinali kuciyesa wamba.

Tsono kholo loyambali linasiyira mwana zinthu zitatu: bwalo lozungulira, anthu oonerera amene amayankha, ndi cinenero cimene aliyense wa pamudzi amamva.

MISHONI NDI MAKONSATI

Sukulu zinadza ndi amishoni. A Dutch Reformed Church anayamba nchito ku Magwero mu 1899, nafika ku Nyanje mu 1905 ndi ku Hofmeyr, m'dera la Nyimba, mu 1914. Ansembe a Katolika a White Fathers anamanga ku Minga m'zaka za m'ma 1920. Ambiri a amishoni oyambawo sanakondwere nazo ng'oma ndi magule, ndipo Mkristu wopezeka ku gule anali ndi mlandu kwa akulu a mpingo. Komabe iwo omwewo anaona kuti nkhani ya m'Baibulo imalowa msanga m'mitima anthu akaiona ndi maso. Conco m'masukulu ambiri a mishoni ana anayamba kuonetsa kubadwa kwa Yesu pa Krisimasi, nkhani ya Yosefe ndi abale ake, ndi fanizo la mwana wolowerera.

Pamenepa panalowa zinthu ziwiri zacilendo. Coyamba, mau a sewero anali olembedwa kapena oikidwiratu ndi mphunzitsi, ndipo mwana anali kuwaloweza pamtima. Caciwiri, bwalo lozungulira lija linaongoka. Oonerera anakhala m'mizere monga m'chalichi, onse kupenya mbali imodzi, ndipo anauzidwa kuti asalankhule.

Koma mwambo wakale sunafe. Unabisala m'makonsati a potsekera sukulu. Pakati pa nyimbo ndi maguba, anyamata anali kuonetsa timasewero tatifupi toseketsa, topanda pepala, m'cinenero cao. Anthu a ku Petauke ambiri anali kupita kukagwira nchito ku Walale, ndiko ku Southern Rhodesia, ndi ku migodi. Conco mchona wobwerera kumudzi ndi jekete ndi Cingerezi cothyoka anali munthu wokondedwa kwambiri m'timaseweroto, pamodzi ndi mesenjala wa boma wofunsa za msonkho, ndi mkamwini waulesi woopa apongozi. Palibe mphunzitsi amene anaphunzitsa zimenezi. Ana anali kuziona kwao, nazibweretsa ku sukulu.

MPHUNZITSI WOSAONEKA

Mphunzitsi wina anafika m'midzi yathu wosayenda pa njinga kapena pa galimoto, ndiye wailesi ino imene mulikumvera. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo yaikulu yaciwiri, ndipo nkhondo itatha kunakhazikitsidwa nyumba ya Central African Broadcasting Station, youlutsira Aafirika a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Mu 1949 kunabwera wailesi ya mtengo wocepa, ya mapaundi 5, yooneka ngati poto wophikira, imene Azungu anaicha Saucepan Special. Aphunzitsi, makalaliki ndi eni masitolo anaigula, ndipo khonde la mwini wailesi linasanduka bwalo latsopano.

Masewero ambiri a pa wailesi a m'zinenero zathu sanali kulembedwa mau ndi mau. Osewera anali kugwirizana mutu wa nkhani ndi mayendedwe ake, kenaka aliyense anali kulankhula za m'mutu mwake, monga momwe anyamata a pa konsati anali kucitira. Mmodzi wa anchito a nyumbayo anali Andreya Masiye, mwana wa cigawo ca Kum'mawa, amene analemba sewero la ulendo wa Mpwitikizi Lacerda, uja anacoka ku Tete mu 1798 kupita kwa Mwata Kazembe. Seweroli linasindikizidwa mu 1973 ndi dzina lakuti The Lands of Kazembe. Ufulu utabwera, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo anagwira mitima ya olankhula Cinyanja ndi pulogalamu yake ya Poceza m'Madzulo. Anali yekha pamaso pa makina, koma womvera anali kuona mudzi wathunthu, mfumu, mfiti, namwali ndi galu yemwe. Ana a sukulu ambiri anaphunzira kwa iye kusintha mau ndi kusunga cinsinsi ca nkhani kufikira kumapeto, iye osawadziwa nkomwe.

NSANJA YA AZUNGU

Tsopano tione kholo laciwiri. M'matauni a m'mbali mwa njanji, ku Livingstone, Lusaka, Broken Hill imene tsopano ndi Kabwe, ndi ku migodi ya mkuwa, Azungu anali ndi makalabu ao a masewero. Anamanga nyumba zokhala ndi nsanja, nsalu zochinga ndi nyali zamagetsi, ndipo mu 1952 anapanga bungwe lao la Northern Rhodesia Drama Association, limene linali kucititsa mpikisano caka ndi caka, woweruza wake kawiri-kawiri wocokera kunja. Munthu wakuda analibe malo m'menemo kupatula kusesa ndi kunyamula mipando. Mu 1958 wansembe John Houghton anayambitsa ku Lusaka gulu la Waddington, la anthu a mitundu yonse, ndipo nkhani yakulilowetsa m'bungwe lija inautsa mkangano waukulu pakati pa Azungu okhaokha.

Masiku amenewo mnyamata wa ku Petauke wofuna maphunziro a sekondale anali kupita kutali: ku Munali ku Lusaka, sukulu imene inayamba mu 1939, ku Chizongwe ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, kapena ku Chassa kwa Abale a Marist. Pamene Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964, dziko lonse linali ndi Aafirika pafupi-fupi 100 okha otsiriza maphunziro a yunivesite. Boma latsopano linafulumira kumanga masukulu a sekondale m'maboma a kumidzi. Petauke analandira yake, ndipo m'kupita kwa nthawi Nyimba nayenso. Popeza aphunzitsi a m'dziko muno anali ocepa, ambiri anacokera ku Britain, ku India ndi ku maiko ena. Kuyambira mu 1966 lamulo linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira m'kalasi loyamba, ndipo mayeso otsiriza anali a ku Cambridge, m'mene munali mabuku a Shakespeare. Conco sewero linalowa m'masukulu a sekondale ngati wanchito wa Cingerezi: cifuno cake cinali cakuti mwana aongole lilime ndi kumvetsa buku la mayeso.

Tisawanyoze alendowo, pakuti akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anatiphunzitsa zinthu zimene kumudzi kunalibe. Anatiphunzitsa kuti sewero liyenera kuyesedwa kambiri lisanaonetsedwe; kuti liyambe pa nthawi yake ndi kutha anthu asanatope; kuti wosewera asaimire mnzake kutsogolo kapena kufulatira oonerera polankhula; kuti kumbuyo kwa nsalu kukhale mwana wogwira buku wonong'oneza woiwala mau, wina wosunga zobvala, wina woyang'anira nyali. Anaonetsa kuti sewero ndi nchito ya anthu ambiri, ndipo kuti amene saoneka ndi ofunika monga amene aoneka. Pa masukulu opanda ndalama ana anali kusoka mabulangete a kogona kukhala nsalu yochinga, ndi kulumikiza matebulo odyerapo kukhala nsanja.

Koma mtengo wake unali waukulu. Pa masukulu ambiri mwana wolankhula cinenero ca kwao anali kulangidwa. Mai amene anagulitsa nshawa ndi mbuzi kuti mwana aphunzire anali kukhala m'holo ngati mlendo, osamva kanthu, akumaomba m'manja poona ena aomba. Nsalu yochinga ija sinalekanitse osewera ndi oonerera okha. Inalekanitsanso sukulu ndi mudzi.

CIKWAKWA CILOWA M'UDZU

Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo kumeneko kunabuka anthu ofunsa kuti, "Kodi sewero la Zambia liyenera kukhala m'nyumba yonga ya ku London?" Mu 1969 ophunzira, pamodzi ndi aphunzitsi ao Michael Etherton ndi Andrew Horn, anayamba kukonza bwalo la pamtetete ku Chamba Valley, kunja kwa mzinda wa Lusaka. Analicha Chikwakwa Theatre, dzina la cipangizo cimene mwana wa sukulu aliyense acidziwa, cikwakwa cochechera udzu. Bwalolo linalibe denga kapena nsalu yochinga, ndipo ng'oma, nyimbo ndi magule zinabwerera m'kati mwa sewero. Mu 1970, pamene atsogoleri a maiko osalowerera mbali pa mkangano wa America ndi Russia anasonkhana ku Lusaka, ophunzirawo anaonetsa sewero la moyo wa Che Guevara. Caka cotsatira, mu 1971, ophunzira atacita zionetsero zotsutsa dziko la France cifukwa cogulitsa zida ku South Africa, boma linatseka yunivesite kwa kanthawi, ndipo Etherton ndi Horn anathamangitsidwa m'dziko.

Nchito sinaime. Anthu monga Kabwe Kasoma, amene analemba Black Mamba pofotokoza nkhondo ya ufulu ya Kenneth Kaunda, Mapopa Mtonga wa kuno Kum'mawa, Stephen Chifunyise, Dickson Mwansa, Masautso Phiri ndi David Kerr anaipitiriza m'njira zosiyana-siyana. Pa nthawi ya chuthi magulu a ophunzira anali kukwera galimoto kupita m'zigawo, nagona pa masukulu a sekondale, naphunzitsa ana kupanga masewero m'zinenero za kumeneko, nawaonetsa m'misika ndi m'midzi popanda kulipiritsa. Ndipo panali njira ina yosamveka phokoso koma yamphamvu koposa: ambiri a ophunzirawo atatsiriza anakhala aphunzitsi, natumizidwa ku masukulu a kumidzi. Maganizo a Chikwakwa anaoloka Luangwa m'masutikesi a aphunzitsi acinyamata. Mu 1975 kunabadwa bungwe la Zambia National Theatre Arts Association, m'mene munalowa makalabu ambiri a m'masukulu ndi m'makoleji, lopikisana ndi bungwe lakale la Azungu lija. M'zaka za m'ma 1980 mabungwe awiriwa anaphatikizana kukhala National Theatre Arts Association of Zambia.

Mkanganowu sunali wathu tokha. Ku Tanganyika Julius Nyerere anamasulira Julius Caesar wa Shakespeare m'Ciswahili, nasindikizidwa mu 1963. Ku Kenya, mu 1977, Ngugi wa Thiong'o anapanga sewero m'Cikikuyu pamodzi ndi alimi ndi anchito a ku Kamiriithu. Boma linaliletsa, ndipo iye anatsekeredwa m'ndende caka cathunthu popanda kuzengedwa mlandu. Kwa anansi athu ku Malawi, mpikisano waukulu wa masewero a m'masekondale unali m'manja mwa bungwe la aphunzitsi a Cingerezi, ndipo unali wa m'Cingerezi. Komabe m'menemo munatuluka akatswiri monga Du Chisiza. Ponse-ponse funso linali limodzi: kodi mwana alikusewera kuti amve ndani?

SEWERO LISENZA KATUNDU

Mu 1979 pa koleji ya aphunzitsi ya Chalimbana, kufupi ndi Chongwe, panacitika msonkhano wa akatswiri a maiko angapo wophunzira kugwiritsa nchito sewero pa citukuko. Njira yao inali yotere: kupita kumudzi, kumvetsera mabvuto a anthu, kupanga sewero la mabvutowo, kulionetsa kwa eni ake, ndi kukambirana nao litatha. Njira imeneyi inafunika kwambiri pamene matenda a edzi anafika. Mu 1987 Pulezidenti Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake anamwalira ndi matendawa, ndipo m'zaka zotsatira makalabu olimbana ndi edzi anafalikira m'masukulu. Ku Nyimba ndi ku Petauke, kumene mseu waukulu wa Kum'mawa umapita ndi magalimoto a katundu usana ndi usiku, nkhaniyi sinali ya m'buku. Zimene mwana sakanatha kunena kwa atate wake maso ndi maso, anazinena atabvala cipewa ca munthu wina, ndipo atatewo anamva popanda kucita manyazi. Cimodzi-modzinso nkhani ya maukwati a ana aang'ono, ndi lamulo la mu 1997 lolola mtsikana wotenga pathupi kubwerera ku sukulu atabereka: makolo ambiri anazimvera pabwalo la sewero.

Komatu pamenepa panabuka bvuto lina. Sewero likasenza uthenga wolemera limayamba kuyenda ngati bulu wotopa. Tonse taonapo masewero amene woipa ndi woipa kuyambira paciyambi, wabwino alibe banga, ndipo pomaliza mwana wobvala za unamwino aima pakati nawerenga malangizo. Anthu amaomba m'manja mwaulemu, koma palibe amene wasinthika mtima. Mpikisano nawo uli ndi msampha wake. Bungwe la National Schools Arts Association of Zambia limasonkhanitsa masukulu kupikisana pa masewero, ndakatulo, nyimbo ndi magule, kuyambira m'madera ang'ono-ang'ono, kufika pa boma, pa cigawo ndi pa dziko lonse. Imeneyi ndi nchito yabwino, yapatsa ana a kumidzi mwai woona dziko lao. Koma mphunzitsi wosacenjera amayamba kukonzera sewero anthu atatu okhala pa tebulo ndi mapensulo, naiwala mazana okhala pansi.

Palinso nkhani ya cinenero, imene ikhudza Ansenga koposa. Mwa zinenero 7 zimene boma linasankha kuti ziphunzitsidwe m'masukulu ndi kuulutsidwa pa wailesi ya boma, ca cigawo ca Kum'mawa ndi Cinyanja. Mwana wa Cinsenga amawerenga Cinyanja ndi Cingerezi, koma cinenero ca amai ake alibe buku lace la m'kalasi. Bwalo la sewero ndi amodzi a malo ocepa pa sukulu pamene mwana angaime pamaso pa akulu ndi kupereka moni wakuti "Muli tyani?" anthu namuombera m'manja.

PHUNZIRO LA MLONDA

Ndiloleni ndikambe zimene ndinaona ndi maso anga pa sukulu ina ya m'dera lino. Mphunzitsi anali kukonza sewero la mlandu wa munda, pakati pa mkazi wamasiye ndi abale a mwamuna wake. Mnyamata wosankhidwa kukhala mfumu anali wanzeru ndi wa mau amphamvu, koma anali kuyenda uku ndi uku, kupfuula ndi kuloza anthu cala monga momwe anaonera pa kanema. Mwezi wathunthu mphunzitsi anayesa kumukonza, osaphula kanthu. Tsiku lina mlonda wa pa sukulupo, nkhalamba ya imvi, anaima pa zenera naseka.

"Ambuya, mwaseka ciani?" anafunsa mphunzitsi.

"Pepani, aphunzitsi," anatero mkuluyo, "koma mfumu yotere ine sindinaione cibadwire. Mfumu yopfuula ndi yamantha."

Anamuitana kuti alowe. Nkhalambayo inakhala pa mpando, inaika ndodo pa maondo, inaweramitsa mutu, niuza ana kuti ayambe kukangana. Anakangana kwa nthawi, iyo osagwedezeka. Kenaka inatsokomola kamodzi kokha, ndipo m'cipinda monse munati zii. Inatembenukira kwa mnyamata uja niti, "Waona, mwanawe? Mfumu imalankhula pomaliza, ndipo mau ake saculuka." Cimene cinakanika mwezi wonse cinatheka madzulo amodzi.

Pa tsiku loonetsa, mphunzitsi anatulutsa sewerolo m'holo, naliika pansi pa mtengo, anthu atazungulira. Pamene alamu ake anali kumunyengerera wamasiye uja kuti asiye munda, mai wina pakati pa oonerera anapfuula kuti, "Usabvomere, mwana wanga!" Ana ena anafuna kumukhalitsa cete, koma mphunzitsi anawaletsa ndi dzanja. Anadziwa kuti mai uja wapereka malikisi oposa a woweruza aliyense.

ZIMENE MBIRI ITIPHUNZITSA

Tsono inu aphunzitsi amene mwapatsidwa kalabu ya masewero, kawiri-kawiri popanda holo, magetsi kapena ndalama, ndiponso ndi makalasi odzaza ciyambire maphunziro aulere mu 2022, musadziyese amphawi. Tengani kwa makolo onse awiri. Kwa nsanja tengani mwambo wa nchito: kuyesera masiku oikika, masana dzuwa lisanalowe kuti atsikana abwerere bwino, kusunga nthawi, ndi kupatsa mwana aliyense udindo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kwa bwalo tengani zotsalazo. Nkhani ifunidwe kwao kwa ana pa chuthi, iyesedwe pakamwa poyamba, ndipo ilembedwe pambuyo. Mau ayesedwe pa bwalo la mpira, wina ali ku goli iyi, wina ku goli iyo, kufikira amvana popanda kupfuula. Ngati anthu akhala mbali imodzi, dzuwa likhale kumbuyo kwao kuti liwale pa nkhope za osewera. Ngati azungulira, wosewera asaime malo amodzi nthawi yaitali, kuti mbali iri yonse ione nkhope yake. Mtondo umodzi ukwanira kuonetsa mudzi, tebulo limodzi ofesi. Nyimbo igwire nchito ya nsalu yochinga, kutseka cigawo cimodzi ndi kutsegula cina. Za kudambwe ndi za kucinamwali zisiyidwe kwa eni ake. Ndipo musanapite ku mpikisano, yambani mwaonetsa sewero lanu kwa anthu amene sakukakamizidwa kukhala. Ngati amai ogulitsa nthoci pa Nyimba aiwala kwa kanthawi kuyang'ana basi, dziwani kuti mwakonza cinthu.

Kwa inu makolo, funso lija ndiliyankha motere. Mwana amene waima pamaso pa anthu mazana osanjenjemera adzatha kuima pamaso pa wolemba nchito, pa khoti ndi pa msonkhano wa mudzi. Mwana amene wakhala mkazi wamasiye kwa ola limodzi adzaganiza kawiri asanalande munda wa mlamu wake. Amenewa ndi maphunziro ndithu, ndipo anayambira kwanu, sukulu isanamangidwe. Conco akakuitanani, pitani. Mukaona mfumu iri kupfuula, kapena mkamwini wakhala pa mpando pamaso pa apongozi, musangoseka pa zenera. Lowani mukawakonze, pakuti luso limeneli eni ake ndinu.